Nthawi yowerenga ndinachita kuipempha kwa anthu

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya ukalaliki wa za ndalama ku Old Town mu Lilongwe, ndili pabanja, ndili ndi ana awiri, kenako n'kumvanso kuti ndikulimbana ndi mayeso a ICAM (bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi), funso lawo limakhala lomwelomwelo: "Nanga mumagona nthawi yanji?" Achemwali anga aakulu safunsa n'komwe. Amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Iwe, mapanga awiri avumbwitsa." Ndimawayankha kuti malipiro a kalaliki sangaphunzitse ana awiri mpaka kukoleji, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye phanga lachiwirilo sindinalifune chifukwa cha dyera.

Malangizo a kagawidwe ka nthawi ali mbwee pa intaneti. Dzuka 5 koloko, thamangako pang'ono, lemba zolinga zako, werenga, pita kuntchito. Si oipa ayi. Vuto n'lakuti amene amawalemba amaganiza kuti maola onse 24 a tsiku ndi ako ndipo ungawagawe mmene wafunira. Kuno ku Lilongwe nthawi ya munthu ili m'manja mwa anthu ambiri. Ina ili ndi kondakitala amene salola kunyamuka minibasi isanadzaze, ina ili ndi abwana, ina ili ndi apongozi, ina ndi mpingo, inanso ndi neba amene mwana wake watentha thupi pakati pa usiku. Pulogalamu ya tsiku imene munthu wailemba yekhayekha n'kuimata pakhoma la kuchipinda sikhalitsa. Yanga inayamba kugwira pamene ndinakhala pansi ndi anthu mmodzimmodzi: uyu ndimupemphe chiyani, ndipo ine ndim'bwezera chiyani.

Ndiyambe ndi msewu, chifukwa umenewu sumva pempho la munthu.

Mzinda uno anaumanga motayana. Chikhalireni likulu la dziko mu 1975, maofesi a boma ali ku Capital Hill, mafakitale ali ku Kanengo, malonda ambiri ali ku Old Town, ndipo ife anthu wamba tinakankhidwira m'mphepete: Area 25, Area 36, Area 23, Chinsapo, Likuni, Lumbadzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndipo aliyense akuona kuti panopa tachuluka kuposa pamenepo. M'mawa tonse timathamangira kumodzi, madzulo tonse timabwerera limodzi. Ine ndimachokera ku Area 25, kudutsa Kanengo, pa Area 18, pa Crossroads, mpaka m'tauni. Misewu aikulitsa, inde, ndipo pa Area 18 sipakhalanso chipwirikiti chakale chija, koma amene amakwera minibasi akudziwa kuti kunyamuka 6 koloko ndi kunyamuka 6:30 kumasiyana ndi nthawi yoposa theka la ola pofika. Mafuta akasowa, magalimoto n'kufola pa mafilingi siteshoni, ndiye basi mawerengedwe onse amasokonekera: mitengo imakwera, minibasi zimachepa, a kabaza amatchula mtengo umene afuna.

Pali anthu amene amati uziwerenga mu minibasi. Kaya iwo amakwera ziti. Zimene ndimakwera ine timakhala anayianayi, chikwama pamiyendo, thumba la tomato la mnzako likukupanikiza kumapazi, kondakitala atawerama pamwamba pako. Buku silitseguka. Chimene ndimachita n'chakuti Loweruka ndimadzijambula mawu pafoni ndikuwerenga mfundo zofunika kuloweza, monga matanthauzo ndi malamulo a kalembedwe ka mabuku a ndalama, ndiye m'mawa ndimamvera pa mahedifoni foni ili m'kati mwa chikwama. Ndanena m'kati mwa chikwama mwadala; amene anadutsapo pa depoti foni ili m'manja pafupi ndi windo sakufunika kuwafotokozera. Ulendo wamadzulo sindiuwerengera sukulu. Mutu umakhala utatopa ndi manambala, ndipo ndimangoyang'ana panja kapena kumvera anthu akukangana za mpira ndi ndale. Imeneyo ndimaiika m'gulu la nthawi yopuma, ngakhale mawondo amakhala akuwawa.

Nthawi yeniyeni yowerenga ndi ya m'bandakucha, kuyambira 4 koloko mpaka 5:30. Sindinaisankhe chifukwa chokonda kulawirira. Madzulo kwathu kulibe bata: ana ali ndi homuweki, nsima iphikidwe, aneba akudutsa kudzapereka moni, wina akudzabwereka mbaula. Komanso madzulo ndi pamene magetsi amakonda kuzima chifukwa aliyense amakhala akuwagwiritsa ntchito. Tinaphunzira zambiri namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Mphamvu zokwana pafupifupi mamegawati 130 zinachoka pa nthawi imodzi, ndipo dziko linakhala mumdima wa maola ambiri patsiku mpaka mu 2023. Kuyambira pamenepo zowerenga zanga sizidalira soketi. Ndili ndi nyali ya sola imene imakhala padenga la bafa tsiku lonse, notsi ndimasindikiza papepala, ndipo kakyuleta yanga ndi ya mabatire. Magetsi akayaka ndi bwino, akazima ndimawerengabe.

Koma kudzuka 4 koloko kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umaperekedwa madzulo. Akatswiri a za tulo amati munthu wamkulu azigona maola osachepera 7. Ndiye kuti 9 koloko ndizikhala nditagona. Anzanga ena a m'kalasi amadula tulo, kugona 12 koloko n'kudzuka 4 koloko, ati n'kulimbikira. Ine ndimaona kuti n'kudzinamiza. Munthu wosagona amawerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu, kenako amakalakwitsa manambala kuntchito, komwe ndi kumene kumachokera fizi. Ubongo umasunga bwino zimene waphunzira munthu akagona, ndiye wochotsa tulo kuti awonjezere kuwerenga amataya zomwe akufuna kusungazo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno kukafika pachimake ndipo dzuwa likuchedwa mpaka cha m'ma 6 koloko, kudzukako kumavuta kwambiri. Ndimagoneka tiyi mufulasiki, juzi ndi masokosi pampando, buku lotsegula kale patebulo, kuti ndikadzuka ndisakhale ndi choganizira. Mu Novembala zimapepuka chifukwa kumayera msanga.

Tsopano anthu aja ndinanena kuti ndinawapempha.

Woyamba ndi bambo a kunyumba. Ola ndi theka la m'bandakucha lija poyamba linali la kutereka madzi osamba, kuphika phala, kusita mayunifomu ndi kusesa. Ntchito zimenezi sizinathawe chifukwa choti ine ndalembetsa sukulu. Tinagwirizana kuti iwo aziyatsa mbaula, kutereka madzi ndi kudzutsa ana, ine ndizilowa kukhitchini 5:30. Kusita timachita Lamulungu madzulo, zovala za sabata yonse. Iwonso anapempha chawo: Loweruka masana kukakhala mpira ku Bingu National Stadium kapena ku Silver, asafunsidwe mafunso, ndipo ine ndikamaliza pepala lomaliza idzakhala nthawi yawo yobwerera kusukulu. Si kuti anavomera akumwetulira. Panali masiku a nkhope yolemera, ndipo alipobe.

Apongozi atabwera kudzationa kuchokera kumudzi anadzidzimuka kuona mwana wawo akupemerera makala kunja kusanache. Sanalankhule nane. Anafunsa mwana wawo, koma mokweza kuti ndimve: "Kodi mayi a m'nyumba muno akudwala?" Madzulo ake ndinakhala nawo pamphasa, ndinawaonetsa mabuku, ndinawauza ndalama zimene timalipira pa pepala lililonse la mayeso ndi zimene zimatayika munthu akalephera. Ndinati, "Amayi, feteleza amene timakutumizirani uja akuchokera m'mabuku amenewa." Sanayankhe zambiri, koma m'mawa mwake anadzuka okha kukaphika phala la adzukulu awo, ndipo anauza mwana wamng'ono kuti asamagogode kuchipinda. Anthu akuluakulu sadana ndi sukulu. Amadana ndi kuona zinthu zikusintha pakhomo la mwana wawo popanda wowafotokozera.

Pali munthu wina amene ndikufuna nditaya naye nthawi pang'ono, chifukwa nkhani yake timaibisa. M'nyumba zambiri za m'tauni muno muli kamtsikana kochokera kumudzi, mwana wa achemwali kapena wa alamu, amene anabwera "kudzaphunzira". Amayi ambiri apantchito amene amatamandidwa kuti amakwanitsa zonse, ntchito, sukulu ndi banja, nthawi yawo anaigula ndi nthawi ya mwana ameneyu. Iye ndiye amadzuka 4 koloko, kutunga madzi mpopi ukadontha usiku, kuchapa, kuphika, kubereka mwana, kenako n'kumakawodzera m'kalasi. Zotsatira za MSCE zikatuluka timati analibe mutu. Kwathu kulinso mwana wa achemwali, ali Folomu 4. Nditakhala pansi kulemba pulogalamu ndinaona kuti njira yophweka inali yomuunjikira zonse. Tinakana. Ndikadzuka 4 koloko ndimamudzutsanso, timakhala patebulo limodzi, nyali imodzi, iye ndi Biology yake, ine ndi misonkho yanga. Ntchito yake ndi mbale zamadzulo ndi kusesa pabwalo, basi. Pa zochapa tinapeza mayi wa ganyu amene amabwera Loweruka ndipo timamulipira. Ndalamayo imapweteka, koma diploma yopezeka pophera mwana wa mwini tsogolo ine sindikuifuna. Komanso kunena zoona, kukhala naye kumandithandiza: tsiku limene ulesi wandigwira, ndimamva iye akukoka mpando, ndipo manyazi amandidzutsa.

M'ola ndi theka limenelo sindiwerenga ngati ndikuwerenga nyuzipepala. Ndimatseka buku n'kuyankha mafunso a m'mapepala akale a mayeso, kenako ndimatsegula kuti ndione pamene ndaphonya. N'zowawa kusiyana ndi kungodutsa m'manotsi ndi cholembera chofiira, koma ndi zimene zimakhala m'mutu. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kalekale mu 1885 kuti munthu amaiwala msangamsanga zimene wangophunzira kumene, ndipo kuiwalako kumachepa akamazibwereza patapita nthawi. N'chifukwa chake mphindi zoyambirira ndimabwerera ku za dzulo ndi za sabata yatha ndisanayambe mutu watsopano. Njira ya Pomodoro, ya Francesco Cirillo wa ku Italy, yowerenga mphindi 25 n'kupuma mphindi 5, anzanga ambiri amaikonda. M'mawa siindithandiza chifukwa funso limodzi la akaunti limatha kudya mphindi 40, ndipo belu likalira pakati limangondisokoneza. Loweruka ndimagwiritsa ntchito nyemba: ndikazitereka pambaula zimafuna maola awiri, ndipo nthawi yokathira madzi ndi kuwonjezera makala ndiyo nthawi yanga yowongola msana.

Wachiwiri womupempha ndi abwana. Apa ndinathandizidwa ndi kudziwa kuti mwezi wa mu ofesi ya za ndalama suyenda mofanana. Kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi kumakhala malipiro ndi kutseka mabuku. Msonkho wa PAYE, umene umadulidwa pa malipiro a ogwira ntchito, umayenera kufika ku MRA pofika pa 14, ndipo wa VAT pofika pa 25. Masiku oyandikira madeti amenewa ndimaweruka mochedwa, ndipo ndimadziwiratu kuti kuwerenga kuchepa. Mitu yovuta ndimaisungira masiku a pakati, pamene mu ofesi mwapepuka. Munthu wogulitsa m'sitolo, namwino, mphunzitsi kapena wogwira ntchito ku okushoni ya fodya ku Kanengo ali ndi nyengo zakezake zothina ndi zomasuka. Pulogalamu yonena kuti tsiku lililonse lizifanana ndi linzake imasweka sabata yoyamba yothina, ndipo mwiniwake amadziona ngati wolephera pomwe vuto linali pepalalo.

Malamulo a ntchito ndi bwino kuwadziwa, osati kuti ukawaopseze nawo abwana, koma kuti uzidziwa chimene ukupempha. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu imene ili ndi malipiro ake. Limaperekanso tchuthi cha pachaka cha masiku 15 kwa wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Masiku amenewa ndiwo chuma cha wophunzira wapantchito. Chaka chikangoyamba ndimalowa mu ofesi ya abwana ndi kalendala: "Bwana, mayeso anga adzakhala sabata iyi. Ndikupempha masiku awa, ndipo ntchito ya VAT ndidzaimaliza ndisanachoke." Pempho lobwera miyezi isanakwane limamveka mosiyana ndi lobwera Lachisanu kuti Lolemba sindibwera. Mbali yanga ya pangano ndi yakuti sinditsegula buku la sukulu pa nthawi ya ntchito. Ndimaona anzanga ena akubisa notsi pansi pa mafailo. Akagwidwa, amatsekera khomo ife tonse amene tidzapemphe pambuyo pake. Nthawi ya nkhomaliro ndi yanga: ndimatenga chakudya m'kontena, ndimadya msanga, ndipo mphindi zotsalazo ndimayankha funso limodzi. Kupita kuchiwaya kumadya ola lonse ndi ndalama yomwe.

Chimene sichinatheke mpaka pano ndi mauthenga a pa WhatsApp obwera usiku kuchokera kuntchito. Ndimazimitsa data 8:30, ndipo ndinanena kuti pakakhala zadzidzidzi aziimba. Nthawi zina amaimbadi, ndipo sizikhala zadzidzidzi.

Loweruka ndi nkhondo ina. Kuno kumapeto kwa sabata kuli eni ake: ukwati, chinkhoswe, bridal shower, msonkhano wa komiti ya ukwati wina umene ukubwera, banki m'khonde, zochitika za amayi a Chigwirizano kutchalitchi. Ukavomera zonse, chaka chimatha usanaone Loweruka lako. Ukakana zonse, tsiku lako likadzafika udzavina wekha pa perekaniperekani. Ndinasankha kulankhula poyera. Kwa amayi a kutchalitchi ndinanena kuti udindo uliwonse andichotsere kaye mpaka ndimalize, koma zopereka ndi kuona odwala ndizichita nawo. Ku banki m'khonde ndimatumiza masheya pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kumapita ndekha pa misonkhano ikuluikulu. Ukwati wa wachibale kapena mnzanga weniweni ndimapita tsiku lonse. Wa mnzake wa mnzanga ndimatumiza envelopu, kapena ndimafika kuholo, kuvina nyimbo imodzi, kutaya ndalama zanga n'kubwerera. Ena amanyinyirika, ndamva kuti amati sukulu yandikulitsa mtima. Koma ambiri ukawauza chifukwa chake mwaulemu amamvetsa, ndipo ena amafunsa okha kuti mayeso ayenda bwanji.

Maliro okha sindikambirana ndi munthu. Uthenga ukafika, mabuku amatsekedwa. Kukagona kusiwa, kuthandiza kuphika, kuperekeza kumanda ku Area 18 kapena kukwera lole kupita kumudzi, zonsezo zimachitika kaya mayeso ali pafupi. Amene anakulira kuno safunika kuuzidwa chifukwa chake. Chimene ndinachita n'kusiya malo opanda kanthu m'pulogalamu: Lachitatu madzulo ndi Loweruka m'mawa sindiikamo mutu watsopano. Ndi malo obwezera zimene zatayika chifukwa cha maliro, matenda a mwana, mlendo wofika mosayembekezereka kapena tsiku limene madzi anasiya ndipo tinakhala tikusaka ndi zigubu. Sabata ikayenda bwino popanda chovuta, malowo ndimapumulamo. Masabata oterowo ndi ochepa.

Womaliza kumupempha anali ine mwini, ndipo ameneyu ndi wovuta. Mayi akakhala pansi masana osagwira kanthu, mtima wake womwe umamuimba mlandu anthu asanalankhule. Zinthu zikathina, nthawi yopuma ndiyo imayamba kudulidwa chifukwa palibe amene amabwera kudzailondola. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi n'kudya nkhomaliro, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko ndi nthawi yanga. Pafupi ndi kwathu pali bwalo la sukulu pamene amayi timasewera ntchemberembaye. Sitili ma Queens ayi, ena mwa ife timapuma wefuwefu mphindi zisanu zisanathe, koma ndimabwerako thukuta lili kamukamu, nditaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo usiku umenewo tulo timabwera tokha. Mvula ikagwa ndimapita kokaluka tsitsi kapena ndimangogona. Ana anazolowera kuti nthawi imeneyo mafunso onse apite kwa bambo awo.

Foni sindiiwerengera ngati kupuma. Munthu umati ndingoona TikTok pang'ono, ukamadzidzimuka ola latha, bandulo yatha, maso akuwawa, ndipo kutopa kuli pomwepo. Sindinaisiye, ndimaikonda ngati wina aliyense, koma ili ndi nthawi yake ndikangofika kunyumba ndisanalowe kukhitchini. Usiku imagona pabalaza. Chondidzutsa ndi kawotchi ka mabatire kamene ndinagula mumsika, chifukwa alamu ikakhala pafoni, dzanja limatsegula Facebook maso asanatseguke bwinobwino.

Mapangano amenewa sakhala mpaka kalekale. Temu ya ana ikayamba, kapena mitengo ya minibasi ikasintha, kapena kuntchito kukabwera munthu watsopano, timakhalanso pansi. Pakali pano tikukambirana za Disembala. Mvula ikagwa apongozi amafuna wina apite kumudzi kukathandiza kubzala ndi kuthira feteleza woyamba, ana amakhala atatsekera sukulu, kuntchito kumakhala kuwerenga katundu wa kumapeto kwa chaka, ndipo masiku anga a tchuthi amakhala atathera ku mayeso. Bambo a kunyumba akuti apita okha ndi mwana wamkulu. Apongozi atumiza uthenga kuti akufuna aonenso mpongozi wawo, osati feteleza yekha. Ndawauza kuti ndipita pa Khirisimasi, ndipo mabuku ndiwasiya ku Area 25.